Pikapu Ikamanjenjemera Kapena Kulira Pamsewu: Mmene Mungapezere Pomwe Pali Vuto

Chaka china mvula itangosiya, Hilux yanga ya dizilo inayamba kuvuta. Ndinkachokera ku Lilongwe kupita ku Dedza pa M1, ndipo ndikangofika liwiro la 80, chiwongolero chinkagwedezeka mpaka mikono kuchita dzanzi. Makaniko woyamba sanakwere n'komwe m'galimotomo. Anangoikankha kutsogolo ndi manja, n'kunena kuti, "Bwana, mashoku atha awa." Ndinagula atsopano awiri, koma kunjenjemera kuja kunali pompo. Wachiwiri anasintha ma tie rod end, timfundo tolumikiza chiwongolero ndi matayala akutsogolo, osaphula kanthu. Mapeto ake mnyamata wina womata matayala anagona chagada pansi, n'kupisa sikuludalaiva mkati mwa limu lakutsogolo, ndipo munatuluka chibuluma cha matope ouma chachikulu ngati chibakera. Matopewo ndinawatola pamsewu wakumudzi m'mwezi wa February. Ndalama zomwe ndinataya zikanagula matumba angapo a feteleza, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti galimoto siyankha munthu wongoganizira. Muyenera kuifunsa mafunso mwadongosolo, kuyambira pa zinthu zosafuna ndalama. Dongosolo lili m'munsili limagwira pa Hilux, Isuzu KB kapena D-Max, Nissan Hardbody, Ford Ranger, Mazda BT-50 ndi mapikapu ena okoka ndi matayala akumbuyo.

Choyamba: tontholetsani galimoto musananyamuke

Tsitsani katundu yense kumbuyo. Mangitsani jeke ndi sipanala, tsekani bwino chitseko chakumbuyo, ndipo gwedezani tayala lasipeya lomwe limapachikidwa ndi tcheni pansi pa bodi. Likakhwepa limagunda ngati kuti china chachikulu chathyoka. Zitsulo za kanopi ndi chitsulo chotchinga pansi pa injini nazonso zimakonda kusokosera bawuti imodzi ikagwa.

Kenako tengani sipanala ya matayala n'kuyesa nati iliyonse, pa matayala onse anayi. Mapikapu ambiri ali ndi manati 6 pa tayala. Mukapeza imodzi yokhwepa, kapena mizere ya dzimbiri ikuchokera pa nati kulowera kunja kwa limu, ndiye kuti tayalalo lakhala likusewera. Osapita kulikonse musanakonze zimenezo. Yezaninso mpweya matayala asanatenthe, potsatira kapepala komwe kamamatidwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala.

Chachiwiri: yendani ulendo wongomvetsera

Sankhani msewu wa tala wosalala, wowongoka, wopanda anthu ndi njinga zambiri. Zimitsani wailesi. Tengani mnzanu akhale pambali ndi kope, chifukwa inuyo maso anu ayenera kukhala pamsewu. Wonjezerani liwiro pang'onopang'ono, ndipo mnzanuyo alembe mayankho a mafunso atatu awa.

Kodi vutolo likuyamba pa liwiro lanji, ndipo likusiya pa liwiro lanji? Kodi mukulimva pati: m'manja pa chiwongolero, pampando, pansi pa mapazi, kapena pa ndodo ya magiya? Nanga likusintha mukachita chiyani: mukaponda mafuta, mukachotsa phazi, mukaponda buleki, kapena mukakhota?

Funso lachiwirili ndi lomwe limalozera njira. Kunjenjemera kwa pa chiwongolero kawirikawiri kumachokera kutsogolo. Kwa pampando ndi pamsana kumachokera kumbuyo kapena pansi pa galimoto. Mvetseraninso kukula kwa kagwedezedweko. Pa liwiro la 90, tayala la pikapu limazungulira pafupifupi ka 10 pa sekondi, choncho vuto la tayala limagwedeza moti mutha kuona chiwongolero chikuvina ndi maso. Propshaft, chitsulo chachitali chapansi pa galimoto chopereka mphamvu ku matayala akumbuyo, imazungulira pafupifupi kanayi pamene tayala lazungulira kamodzi, choncho vuto lake ndi kunthunthumira kosalala, kwa ndiii, komwe kumachititsa kuti pagalasi loonera kumbuyo zinthu zizioneka mwachimbuuzi.

Chachitatu: siyanitsani injini ndi zoyendera

Mayeso awa ndi aulere, koma amadula ntchito pakati. Mukafika pa liwiro lomwe vuto limamveka, pondani kilatchi kwa masekondi ochepa kuti injini itsike mphamvu galimoto ikuyendabe. Chitani zimenezi pamalo athyathyathya, osati pamtsetse. Ngati kunjenjemera kukupitirira chimodzimodzi, injini ilibe mlandu. Yang'anani matayala, mabelingi, propshaft ndi mabuleki. Ngati kwazimiririka nthawi yomweyo, ndiye kuti vuto limatsatira injini kapena limadza pamene galimoto ikukoka.

Kuti mutsimikize, imani, mangani handibuleki, ikani pa nyutulo, n'kukweza injini pang'onopang'ono mpaka singano yoonetsa kuthamanga kwa injini ifike pamene inali mukuyenda. Galimoto ikanjenjemera ili chiimire, kaonetseni ma engine mounting, mabala amene injini imakhalirapo. Akang'ambika kapena kufewa ndi oyilo wodontha, injini imagwedeza bodi yonse, makamaka ikamangolira yokha pa maloboti. Injekita (kachida kopopera dizilo mu injini) yotha kapena fyuluta ya dizilo yotsekeka imachititsa injini kutsimphina, ndipo nthawi zambiri utsi umasintha. Phokoso la tswii m'mawa mukangoliza ndi fanibeluti yokhwepa kapena yotha. Kulira kwa malata pa mlingo umodzi wokha wa injini ndi ekizozi yomwe labala lake laduka, kapena kachitsulo kotchinga kutentha kamene kamasuka.

Mukadali chiimire, yesaninso kilatchi. Phokoso likamabwera mukaiponda n'kusiya mukachotsa phazi, ndi release bearing, belingi yomwe imakankha kilatchi. Likamamveka pa nyutulo musanaiponde n'kusiya mukaiponda, lili mkati mwa giyabokosi.

Chachinayi: matayala ndi malimu

Pano m'pamene ndimakhalitsa, chifukwa pa misewu yathu mavuto ambiri a kunjenjemera amathera pano.

Yambani ndi kutsuka. Osangothira madzi kunja kuti limu liwale. Pisani dzanja kapena paipi mkati, kuseri kwa limu, kumene matope amakakamira n'kuuma ngati njerwa. Mukamatsuka, fufuzani timtovu tomwe amamata kapena kupanikiza m'mphepete mwa limu pochita wheel balancing. Mukaona kamalo koyera, kooneka kuti panali kanthu, kamtovu kanagwa. Tayala losalingana kulemera limakhala chete pa liwiro lotsika, limayamba kugwedeza chapakati pa 80 ndi 110, ndipo nthawi zina limachepako mukapyola pamenepo. Mankhwala ake ndi balancing, osati alignment. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi. Alignment imakonza galimoto yokokera mbali imodzi ndi tayala lodyeka mbali imodzi, siichotsa kunjenjemera.

Tsopano kwezani tayala limodzilimodzi ndi jeke, mutatsekera matayala enawo ndi miyala kapena zipika. Ikani njerwa pansi, pafupi kwambiri ndi tayala koma osakhudza, ndipo lizunguzeni ndi dzanja mukuyang'ana mpata wa pakati pa njerwa ndi tayala. Mpatawo ukamakula n'kuchepa, tayala si lobulungira kapena limu linapindika pa dzenje. Yendetsani chikhatho pamwamba pa tayala lonse, modekha chifukwa mawaya otuluka amacheka. Mukapeza chotupa, kaya pambali kaya pamapazi pake, ndiye kuti mawaya amkati alekana ndi labala. Tayala loterolo limadziwika ngakhale pa liwiro la 20 kapena 30: galimoto imayenda monyang'ama ngati bakha, chiwongolero chikupita uku ndi uku chokha. Limenelo palibe balancing yomwe ingalichize. Lichotseni lero lomwe, chifukwa ndi lomwe limaphulika masana dzuwa likuswa mtengo, mutasenza matumba a chimanga ndi anthu pamwamba.

Chikhatho chikamamva tizigwa ndi timapiri mozungulira tayala, ngati mano a sowo, tayalalo lakhala likudumphadumpha pamsewu, ndipo apa m'pamene mashoku angakhaledi ndi mlandu. Tayala lotere limalira wuwuwu ngati belingi, ndipo lapusitsa amakaniko ambiri.

Ambirife timagula matayala a kaunjika chifukwa cha mtengo, ndipo sindikunyoza aliyense. Koma werengani zaka zake. Pambali pa tayala pali zilembo DOT, ndipo manambala anayi omalizira amanena sabata ndi chaka chomwe linapangidwa: 3519 ndiye kuti sabata ya 35 m'chaka cha 2019. Tayala likhoza kukhala ndi mapazi akuya koma lili lokalamba, labala litauma n'kuchita timing'alu. Lopitirira zaka 10 musalikhulupirire ngakhale likuoneka bwanji. Onaninso ngati lili ndi chilembo C kapena LT, kusonyeza kuti linapangidwira kusenza katundu. Tayala la galimoto yaing'ono pa pikapu yonyamula simenti silichedwa kutupa.

Ngati simunapezebe kanthu, sinthanitsani: akutsogolo apite kumbuyo, akumbuyo abwere kutsogolo, n'kuyendanso msewu womwe uja. Kunjenjemera kukasamuka kuchoka pa chiwongolero kupita pampando, mwamugwira wakubayo. Kukakhala pomwepo, matayala alibe mlandu ndipo mwapulumutsa ndalama. Pomanga manati, muzidumphadumpha mopingasa, osati motsatana mozungulira, kuti limu likhale bwino pamalo pake.

Dziwaninso kuti galimoto ikaima milungu ingapo pamalo amodzi, matayala amaphwatalala pang'ono pomwe anagunda pansi. Kugwedeza kwake kumatha kokha mukayenda makilomita ochepa matayala n'kutenthera.

Chachisanu: mabuleki

Ngati galimoto imayenda bwinobwino koma imagwedezeka pokhapokha mukaponda buleki, musavutike ndi zina. Chiwongolero chikamagwedezeka ndipo pedulo ikumenya phazi, madisiki akutsogolo sali osalala. Izi zimachitika kwambiri kwa amene amatsika mitsetse italiitali ngati wa Chiweta, wa Khwekhwerere kapena wopita ku Chikwawa phazi lili pa buleki njira yonse, m'malo motsika ndi giya yotsika. Kugwedeza kukamamveka pampando, ganizirani madiramu akumbuyo. Mutha kutsimikiza pa liwiro lotsika kwambiri, pamalo opanda anthu, pokoka handibuleki pang'ono chabe mutagwira batani lake. Ikamakoka n'kusiya, kukoka n'kusiya, diramu si lobulungira.

Kulira kwa tswii mukaponda ndi chenjezo lakuti mapadi atsala pang'ono. Kukhwekhwereza kwa chitsulo pa chitsulo ndiye kuti atheratu ndipo mukudya disiki. Koma nthawi zina mukangochoka pamsewu wamiyala, pamamveka kulira koopsa komwe sikusintha ndi buleki: ndi kamwala kamene kapanikizika pakati pa disiki ndi lata lakuseri kwake. Kubwerera m'mbuyo pang'ono nthawi zambiri kumakagwetsa.

Mukayenda makilomita angapo osaponda buleki kawirikawiri, imani n'kuyandikizitsa dzanja pa limu lililonse, osakhudza. Limodzi likatentha kuposa anzake, ndipo pakumveka fungo lopserera, buleki ikugwira yokha kapena belingi ikupsa.

Chachisanu ndi chimodzi: mabelingi a matayala

Belingi yotha imang'ung'uza. Imayamba ngati ndege ili kutali, ndipo imakula limodzi ndi liwiro, osalabadira kuti muli pa giya iti. Kuti muisiyanitse ndi phokoso la matayala a mapazi akuluakulu, mvetserani msewu ukasintha: phokoso la tayala limasintha mukachoka pa tala wokhakhala kupita pa wosalala, la belingi silisintha. Kenako, pamsewu wopanda galimoto zina, pa liwiro la 40 kapena 50, pendeketsani galimoto pang'ono kumanzere, kenako kumanja. Mukakhotera kumanzere kulemera kumapita kumanja, choncho phokoso likakula pamenepo, kawirikawiri ndi belingi yakumanja.

Kwezani tayala lomwe mukulikayikiralo. Gwirani pamwamba ndi pansi, n'kugwedeza mokankha ndi kukoka. Mukamva kho-kho, ndi belingi kapena ball joint, mfundo yomwe imagwira tayala lakutsogolo ku miyendo ya galimoto. Uzani mnzanu aponde buleki mwamphamvu n'kugwedezanso: kusewerako kukatha ndi belingi, kukapitirira ndi ball joint. Kenako gwirani kumanzere ndi kumanja. Kusewera kwa mbali imeneyi pa tayala lakutsogolo kumalozera ma tie rod end kapena rack end, mfundo inzake yamkati. Kumbuyo, mukaona oyilo wakuda wonunkha atanyowetsa mkati mwa tayala, silo (labala lotchinga oyilo) ya ekiselo yatha, ndipo nthawi zambiri belingi yake imakhala itayamba kale.

Chachisanu ndi chiwiri: propshaft ndi difu

Apa mufunika kulowa pansi pa galimoto, ndiye ndinene mosapita m'mbali: musalowe pansi pa galimoto yomwe yaima pa jeke yokha. Pikapu ndi yaitali mokwanira kuti munthu alowe matayala onse ali pansi. Imani pamalo athyathyathya, zimitsani injini, chotsani kiyi, mangani handibuleki, tsekerani matayala kutsogolo ndi kumbuyo, kenako ikani pa nyutulo kuti propshaft imasuke.

Propshaft ndi chitsulo chachitali chija chochokera ku giyabokosi kupita ku difu, bokosi la magiya lomwe lili pakati pa matayala akumbuyo. Kumapeto kwake kuli ma universal joint, amene amakaniko ambiri amangoti makolosi chifukwa amaoneka ngati mtanda. Gwirani mbali zonse ziwiri za kolosi, dzanja lina uku lina uku, n'kupotokola mosemphanitsa. Pasakhale kusewera ngakhale pang'ono. Walitsani tochi pa timakapu take tinayi. Mukaona fumbi lofiira ngati la njerwa yopsa litazungulira kakapu kamodzi, mkati mwauma, tisingano take tikuperesana. Kolosi loterolo likhoza kukhala losasewera konse, litangouma gwa, koma likunjenjemeretsa galimoto yonse.

Zizindikiro zake pamsewu ndi izi: kugunda kwa gu! mukangonyamuka kapena mukalowetsa livesi, kulira kwa tswi-tswi-tswi pa liwiro la munthu woyenda pansi, ndi kunthunthumira pansi pa mpando komwe kumakula mukaponda mafuta n'kuchepa mukachotsa phazi. Mapikapu ambiri ali ndi propshaft ya zigawo ziwiri, yogwiridwa pakati ndi centre bearing yokhala mu labala. Ikankheni m'mwamba ndi pansi. Labalalo likang'ambika, galimoto imagwedezeka ponyamuka, makamaka itasenza katundu. Onaninso ngati chitsulocho sichinaphwanyike pa mwala, ngati sipanakulungike waya kapena chingwe cha thumba, komanso ngati mabawuti ake onse ali olimba.

Kolosi musalichedwetse. Lakutsogolo likaduka muli pa liwiro, propshaft imagwa n'kuzika mutu pamsewu, ndipo ikhoza kutukula galimoto. Pokasintha, onetsetsani kuti makaniko walemba chizindikiro ndi penti kapena choko asanamasule, kuti zigawo zibwerere momwe zinalili. Propshaft yolumikizidwa mosemphana imanjenjemera ngakhale makolosi ali atsopano. Ndipo ngati yanu ili ndi timabowo topopera girizi, monga ma Hilux ambiri, muziipopera pa sevisi iliyonse komanso mukawoloka madzi akuya.

Difu imalira mosiyana: ndi kulira kwa wiii kochokera kumbuyo, komwe kumabwera mukaponda mafuta n'kusiya mukachotsa phazi, kapena mosemphanitsa. Musanaganize zoiphwasula, masulani bawuti yothirira oyilo n'kupisa chala. Oyilo ayenera kufika pakamwa pa bowolo. Akatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, munalowa madzi m'nyengo ya mvula. Akakhala ndi tizitsulo tonyezimira, mano kapena mabelingi amkati akudyeka. Masulani yothirira musanamasule yokhuthulira, kuopa kukhuthula oyilo kenako n'kupeza kuti yothirirayo yakana.

Chachisanu ndi chitatu: phokoso la pa mabampu ndi pokhota

Galimoto ikakhala chete pa tala koma n'kumagogoda pamsewu wafumbi, vuto lili m'miyendo. Kutsogolo, kawirikawiri ndi mabushi ndi timalinki ta stabiliser (chitsulo choletsa galimoto kupendekera pokhota), zomwe n'zotsika mtengo. Kumbuyo, werengani masipuling'i limodzilimodzi ngati palibe lothyoka, yang'anani mabushi a kumapeto kwake, ndiponso ma U-bolt amene amamanga masipuling'i ku ekiselo. Pikapu imene imasenza mopyola muyezo imathyola centre bolt (bawuti yapakati yomanga masipuling'i pamodzi), ekiselo n'kusuntha, galimoto n'kumayenda chammbali ngati nkhanu. Shoku yodontha oyilo yatha. Koma kumbukirani kuti pikapu yopanda katundu imadumpha kumbuyo mwachibadwa, chifukwa masipuling'i ake anapangidwira kulemera.

Kwa a 4x4, khotani chiwongolero mpaka kumapeto n'kuzungulira pang'onopang'ono pabwalo ladothi, 4WD italowa. Kulira kwa ta-ta-ta kutsogolo ndi CV joint, mfundo yopereka mphamvu ku tayala lakutsogolo, ndipo mukasuzumira mudzapeza labala lake litang'ambika, girizi atamwazikira mkati mwa limu. Onetsetsaninso kuti simukuyenda pa tala 4WD ili yolowa. Mapikapu ambiri sanapangidwire zimenezo: galimoto imauma pokhota, matayala amakwekwesa pansi, ndipo transfer case, bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo, imavulala.

Chomaliza: kupita kwa makaniko

Pitani ndi kope lija. M'malo mongoti "ikusokosera", nenani kuti, "Achimwene, imayamba pa 70, ndimaimva pampando, ndikaponda mafuta imakula, ndikaponda kilatchi imachepa, matayala ndasinthanitsa kale koma sizinasinthe." Mupempheni akwere nanu kuti adzimvere yekha, ndipo asanamasule chilichonse akuonetseni ndi dzanja pomwe pakusewera. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo chakalecho akupatseni muchione.

Pali zinthu zina zomwe simuyenera kuyendetsa nazo galimoto ngakhale kupita ku galaja komweko: tayala lotupa, manati okhwepa kapena masitadi (mabawuti omangirapo manatiwo) oduka, ball joint kapena tie rod end yosewera kwambiri, limu lotentha mpaka kufuka utsi, ndi kolosi lomwe likugogoda. Zikatero, makaniko abwere pomwe muli, kapena galimoto inyamulidwe.

Ntchito ikatha, bwererani pamsewu womwe uja, pa liwiro lomwe lija, ndi mnzanu yemwe uja, wailesi ili chizimire. Mukayenda makilomita pafupifupi 50, imani pambali, tulutsani sipanala, n'kuyesanso manati onse a tayala lililonse lomwe linamasulidwa.